Tifunseni: Thandizo lochokera kunja, mabungwe ndi mtendere wa m'midzi mwathu

Makalata ambiri omwe tinalandira mwezi wathawu kuchokera m'boma la Zomba akukhudza nkhani imodzi, yomwe ndi ndalama zomwe mayiko akunja amatipatsa, mabungwe omwe amazigwiritsa ntchito, komanso ngati zonsezi zikuthandiza kuti anthu azikhala mwamtendere. Tasankhapo makalata anayi ndipo tawafupikitsa pang'ono. Mayina a olemba sitiwatchula, monga mwa mwambo wa tsamba lino.

FUNSO: Ndine mlimi wa mpunga mu sikimu ina ya m'chigwa cha Nyanja ya Chilwa. Zaka zapitazo kunabwera bungwe lomwe linatiphunzitsa za kathetsedwe ka mikangano. Tinakhala pa maphunziro masiku angapo, tinalandira malaya ndi alawansi, ndipo tinasankha komiti ya mtendere. Pulojekitiyo itatha, komiti nayo inasiya kukumana, ndipo chilimwe chikafika timalimbiranabe madzi monga kale. Kodi ifeyo ndife osamva, kapena anatiphunzitsa zolakwika?
Mlimi, kwa T/A Mwambo

YANKHO: Bambo, musadziimbe mlandu wa kusamva. Anthu a m'chigwa cha Chilwa akhala akuweruzana milandu ndi kuyanjana kuyambira kalekale mabungwe asanabwere, ndipo chomwe chikukukanganitsani ndi madzi. Nyanja ya Chilwa ndi yosaya, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo imadalira mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe. Inaphwa mu 1995, inatsikanso kwambiri mu 2012 ndi mu 2018, ndipo nthawi iliyonse ikatero asodzi a ku Kachulu ndi ku Chisi amakocheza mabwato n'kuyamba kufuna malo olima, oweta ng'ombe amatsikira kumadambo komwe kwatsala msipu, pamene alimi a kumtunda kwa ngalande amatchinga madzi usiku kuti mpunga wawo usafote, a kumunsi n'kudzuka m'mawa kupeza nthaka ya m'mapuloti awo itang'aluka. Munthu amene mpunga wake ukuuma amadziwa bwino lomwe kuti ndewu ndi yoipa, ndipo kumukumbutsa zimenezi m'kalasi sikubweretsa madzi m'munda mwake.

Palinso nkhani ya umwini wa malo. Masikimu a Likangala ndi Domasi anatsegulidwa ndi boma zaka za m'ma 1960 ndi 1970 pa malo omwe kale anali m'manja mwa mafumu, ndipo boma linkawayendetsa lokha mpaka pamene linayamba kuwapereka kwa magulu a alimi ogwiritsa ntchito madzi. Kuyambira pamenepo, funso loti mwini puloti ndani, ndani angaibwereketse, ndipo ndani angalowe m'malo mwini wake akamwalira, lakhala likubuka kawirikawiri m'masikimu ambiri a mtunduwu.

Nanga bungwe lija linasankhiranji maphunziro m'malo mokhudza zinthu zimenezi? Yankho lili m'kayendedwe ka ndalama za thandizo. Wopereka ndalama ali ku London, ku Brussels, ku Oslo kapena ku Washington, ndipo naye ali ndi nyumba ya malamulo ya kwawo yomwe imamufunsa kuti ndalama za amisonkho anagula nazo chiyani. Choncho amafuna zinthu zowerengeka: anthu angati aphunzitsidwa, mwa iwo amayi ndi angati, makomiti angati akhazikitsidwa. Amafunanso kuti zonsezi zitheke m'zaka ziwiri kapena zitatu, chifukwa ndi kutalika kwa mapulojekiti ambiri. Kukonza ngalande yaikulu, kubwezeretsa mitengo m'mapiri momwe mitsinje imachokera, kapena kukhala pansi ndi mafumu, khonsolo ndi alimi mpaka nkhani ya umwini wa mapuloti itamveka, ndi ntchito yodula, yochedwa, ndiponso yokhumudwitsa anthu ena amphamvu. Maphunziro sakhumudwitsa aliyense, ndipo lipoti lake limalembeka mosavuta. Sindikunena izi pofuna kunyoza alangizi omwe anabwera kwanuko, pakuti ambiri mwa iwo ndi ana athu omwe, olembedwa ntchito ya miyezi yowerengeka, ndipo nthawi zambiri amaona vuto lenileni koma alibe mphamvu yosintha zomwe zinalembedwa kale mu pulani yomwe inavomerezedwa kutali.

Chomwe chimandipweteka kwambiri m'kalata yanu ndi nkhani ya alawansi. Kale nyakwawa ikamenyetsa belu kapena kutuma mnyamata kukamema anthu, anthu ankabwera pabwalo chifukwa nkhaniyo inali yawo. Lero m'midzi yambiri funso loyamba munthu akaitanidwa ku msonkhano ndi loti kodi kuli kangachepe. Komiti yomwe inabadwa ndi alawansi imafa alawansi ikatha, ndipo pakufa pake imasiya bwalo la amfumu, ankhoswe, akuluampingo ndi mashehe ali ofooka kuposa m'mene anawapezera, chifukwa anthu azolowera kuti kukambirana za mtendere ndi ntchito yolipidwa. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo bungwe lililonse lobwera ndi pulojekiti liyenera kudzifunsa kuti likadzachoka lidzasiya ndani ali ndi mphamvu zoweruza nkhani. Sindikuti bwalo la amfumu lilibe chilema. Amayi amasiye, achinyamata ndi akamwini nthawi zina saweruzidwa mwachilungamo kumeneko, ndipo bungwe lofunadi kuthandiza likanayambira pamenepo, kuthandiza bwalo lomwe lilipo kale kuti lizimva mawu a anthu amenewa.

Inuyo musadikire pulojekiti ina. Itanani komiti ija pamodzi ndi atsogoleri a gulu la ogwiritsa ntchito madzi ndi agulupu, madzi asanayambe kuchepa, ndipo mugwirizane masiku omwe chigawo chilichonse chizilandira madzi komanso chindapusa cha wotchinga ngalande usiku. Zimenezi zilembedwe, ziwerengedwe pagulu, ndipo mlangizi wa ulimi wothirira asunge kope lake. Mkangano ukakula, dziwani kuti lamulo la mtendere ndi umodzi lomwe nyumba ya malamulo inavomereza mu 2022 limapereka mwayi wokhala ndi makomiti a mtendere m'maboma, ndipo ndi ufulu wanu kukafunsa ku ofesi ya bwanamkubwa kuti nkhani yanu ingafike bwanji kumeneko.

FUNSO: Ndine wophunzira pa yunivesite kuno ku Chirunga. Mabungwe omenyera ufulu amati amayankhulira anthu, komatu palibe amene anawasankha, ndipo ndalama zawo zimachokera kunja. Kodi si zida chabe za mayiko olemera?
Wophunzira, Chikanda

YANKHO: Achemwali, funso lanu ndi loyenera kufunsidwa, ndipo mbiri ya sukulu yomwe mukuphunzirayo ikhoza kutithandiza kuliyankha. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a mpingo wa Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, kudzudzula poyera kuponderezedwa kwa anthu mu ulamuliro wa chipani chimodzi. Patangopita masiku ochepa, ophunzira a pa Chancellor College anaguba m'misewu ya Zomba kuikira kumbuyo maepiskopiwo, ndipo mu Meyi ogwira ntchito ku Blantyre ananyanyala ntchito. M'mwezi womwewo wa Meyi mpamene mayiko opereka thandizo, atakumana ku Paris, anaimitsa thandizo lonse kupatula lopulumutsa miyoyo. Taonani bwino m'mene zinthuzi zinatsatirana. Amalawi ndi amene anayamba, ndipo anayamba moyika miyoyo yawo pachiswe. Mayiko omwewo anali akhala akuthandiza boma la Dr Kamuzu Banda kwa zaka zambiri pamene anthu ankatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu ku Mikuyu, konkuno ku Zomba, chifukwa pa nthawi ya mkangano wa mayiko a azungu ndi Soviet Union iye anali bwenzi lawo. Bungwe la Public Affairs Committee (PAC), lomwe linabadwa chaka chomwecho kuchokera ku mipingo, Asilamu, maloya ndi amalonda, ndi lomwe linakambirana ndi boma mpaka riferendamu ya pa 14 Juni 1993, pomwe pafupifupi anthu awiri mwa atatu aliwonse anasankha ndale za zipani zambiri. Mphamvu za PAC pa nthawiyo zinkachokera kwa anthu omwe ankadzaza matchalitchi ndi mizikiti sabata iliyonse.

Chitachitika chisankho cha 1994, mabungwe anachuluka kwambiri, ndipo maonekedwe awo anasintha. Ambiri mwa atsopanowa analibe mamembala. Anali ndi ofesi, galimoto, mkulu wa bungwe, ndi munthu waluso polemba makalata opempha ndalama. Bungwe lotere limatsata komwe ndalama zikupita, moti chaka chino likamba za edzi, chaka chamawa za kusintha kwa nyengo, china chija za chisankho, ndipo anthu omwe limati likuwaimira sangathe kuchotsa mtsogoleri wake ngakhale atalakwa chotani. Apa ndi pamene nkhawa yanu ili ndi maziko. Mukafuna kuyesa bungwe lililonse, funsani kuti mamembala ake ndani, amasonkha chiyani, amakumana liti, ndipo ndani angachotse mkulu wake pa udindo. Bungwe la aphunzitsi a pa Chancellor College linatha kulimbana ndi boma kwa miyezi yambiri mu 2011, mkulu wa apolisi Peter Mukhito atafunsa mafunso mphunzitsi Blessings Chinsinga pa zomwe anaphunzitsa m'kalasi, chifukwa linali bungwe la anthu enieni omwe anali okonzeka kutaya malipiro ndi ntchito zawo.

Pa nkhani yopewa ziwawa pali chinthu china chofunika kuchiyang'anitsitsa. Opereka thandizo kawirikawiri amasangalala dziko likakhala chete, ngakhale kuti anthu akusunga mkwiyo mumtima. Dziko la Rwanda, chisanafike chaka cha 1994, linkatamandidwa ngati chitsanzo cha chitukuko ndipo linali ndi mabungwe ndi mapulojekiti ochuluka, koma ochepa kwambiri ndi omwe ankakhudza tsankho lomwe linkakula pamaso pawo. Kwathu kuno, anthu 20 anaphedwa pa zionetsero za pa 20 Julaye 2011, ndipo zokambirana zomwe bungwe la United Nations linatsogolera pambuyo pake ndi zomwe zinatsegula njira ya ndondomeko ya mtendere ya 2017 ndi lamulo la 2022 lija. Zimenezi ndi zabwino, koma madandaulo omwe anatulutsa anthu m'misewu, monga kusowa kwa mafuta, kusowa kwa ndalama zakunja ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu, akhala akubweranso. Mu 2019 bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC linatsogolera zionetsero zokana zotsatira za chisankho, zina mwa izo zinathera m'kuphwanya ndi kuba katundu wa anthu osalakwa, ndipo chomwe chinabweza dziko m'njira ndi chigamulo cha khoti cha pa 3 Febuluwale 2020 chomwe chinathetsa chisankho cha pulezidenti. Mtsogoleri wa bungwelo, Timothy Mtambo, anadzakhala nduna m'boma latsopano, chinthu chomwe si mlandu, koma chinachititsa anthu ambiri kufunsa funso lomwe inu mwafunsali.

Komabe chenjerani ndi mawu oti mabungwe onse ndi zida za azungu, chifukwa boma lililonse lomwe lakhalapo limawatulutsa mawu amenewa likayamba kudzudzulidwa, ngakhale kuti nalonso limalandira ndalama kuchokera kwa azungu omwewo. Lamulo la mabungwe lomwe linasinthidwa mu 2022, n'kukhazikitsa bungwe loyang'anira la NGORA, likufuna kuti mabungwe aziulula momwe agwiritsira ntchito ndalama, ndipo ine ndikugwirizana nazo. Chofunika kuchiyang'anira ndi chakuti mphamvu yolembetsa ndi kutseka mabungwe isasanduke chikwapu chokwapulira okhawo omwe akuyankhula zosakomera olamula.

FUNSO: Ndinaphunzitsa sukulu mpaka kupuma. Chilandirireni ufulu mu 1964 takhala tikulandira thandizo, koma umphawi sukutha. Bwanji osangolikana thandizoli kuti tiphunzire kuima patokha?
Mphunzitsi wopuma, Domasi

YANKHO: Aphunzitsi, zifukwa zokwiyira zilipo ndithu. Kuyambira mu 1981 dziko lino linayamba kulandira ngongole za World Bank ndi IMF zokhala ndi malamulo osintha kayendetsedwe ka chuma, ndipo m'zaka zotsatira thandizo la pa mtengo wa feteleza linachotsedwa, misika yambiri ya ADMARC n'kutsekedwa, amalonda omwe ankayembekezeka kulowa m'malo mwake osafika kumidzi yakutali. Njala ya 2002 inatipeza nkhokwe za boma zilibe chimanga, chifukwa panali malangizo a IMF oti chimanga chosungidwa chichepetsedwe, ndipo akuluakulu athu anagulitsa pafupifupi chonse m'njira zomwe zinadzetsa mafunso ambiri. Mu 2005 boma la Bingu wa Mutharika linayambitsa makuponi a feteleza ngakhale ena mwa opereka thandizo sankafuna, ndipo zokolola zinakwera m'zaka zotsatira.

Boma la Zomba lenilenilo lakhala malo oyeserapo maganizo a akatswiri akunja. Mudzi wa Mwandama unasankhidwa kukhala m'gulu la midzi yachitsanzo ya Millennium Villages, moti mlembi wamkulu wa United Nations, Ban Ki-moon, anafikako mu 2010, ndipo zinthu zinasinthadi pamene feteleza, mbewu ndi ndalama zinkafika. Kafukufuku wina wodziwika padziko lonse anachitikira m'boma lino mu 2008 ndi 2009, pomwe atsikana ndi makolo awo ankalandira ndalama mwezi ndi mwezi. Atsikana ambiri anakhalabe pa sukulu, ndipo mimba ndi maukwati a ana zinachepa. Ofufuzawo atabwereranso patapita zaka ndalama zitasiya, anapeza kuti zabwino zambiri zinali zitazimirira, kupatula makamaka kwa atsikana omwe anali atasiya sukulu n'kubwereranso chifukwa cha ndalamazo. Thandizo limagwira ntchito pamene lilipo, koma silinakonzedwe kuti likhale mpaka kalekale, ndipo ife sitinakonzeke kulowa m'malo mwake.

Mbali ina ya mlanduwu ndi yathu. Mu 2013 kunaululika kubedwa kwa ndalama za boma komwe timakutcha Cashgate, ndipo ofufuza a Baker Tilly anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Pa nthawiyo pafupifupi magawo 40 pa 100 aliwonse a bajeti ankachokera kwa opereka thandizo, ndipo iwo anasiya kuika ndalama m'thumba la boma n'kuyamba kuzidutsitsa m'mabungwe ndi m'mapulojekiti awoawo. Sitingawadzudzule poteteza ndalama zawo, koma zotsatira zake n'zakuti ntchito zambiri za umoyo, maphunziro ndi ulimi zinayamba kuyenda m'njira zomwe aphungu athu ndi makhansala sangazilondole bwinobwino.

Kukana thandizo lero lomwe sindingakuvomereze. Amalawi oposa 900,000 akumwa mankhwala a ma ARV, omwe ambiri mwa iwo amagulidwa ndi ndalama za Global Fund, ndipo boma la America litaimitsa thandizo lake mu Januwale 2025 n'kuthetsa bungwe la USAID, tinaona ogwira ntchito za umoyo akuchotsedwa ndi ntchito zina zikuima mwadzidzidzi. Nalo dziko la Britain linatsitsa thandizo lake mu 2021 ndipo linalengeza kuti litsitsanso. Choncho thandizoli likuchepa lokha, tisanalikane n'komwe. Ntchito yomwe ili patsogolo pathu ndi yosankha zinthu zomwe sitingalole kuti zizidalira mlendo, kuyambira mankhwala, ndi kukakamiza boma kuti misonkho yathu iyambe kulipira zimenezo chaka ndi chaka. Atsogoleri a mu Africa analonjeza ku Abuja mu 2001 kuti aziika magawo 15 pa 100 aliwonse a bajeti ku zaumoyo, ndipo zaka zambiri ife takhala tisakufikapo. Funso limeneli ndi loyenera kufunsa phungu wanu akabwera kudzapempha voti.

FUNSO: Ndili mu komiti ya chitukuko ya m'mudzi. Namondwe wa Freddy atawononga nyumba ndi minda, anatiuza kuti tilembe mabanja ochepa oti alandire thandizo pamene ovutika anali ambiri. Mpaka lero ena satiyankhula, akuti tinalemba abale athu. Tichite chiyani?
Mayi, kwa Mayaka

YANKHO: Mayi, zomwe zakuchitikiranizi zikuchitika m'midzi yambiri, ndipo ndi umboni woti thandizo lenilenilo likhoza kubala udani pamene panalibe. Namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, anapha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000 m'chigawo cha kummwera, ndipo katundu wobwera sakanakwanira onse. Koma chiwerengero cha olandira chimakhazikitsidwa mu ofesi, pamene ululu wosankha kuti uyu alandire, uyu asalandire, umatsitsidwira kwa inu amene mudzakumane ndi osiyidwawo pa mjigo, pa maliro ndi ku tchalitchi moyo wanu wonse. Zomwezi zimachitika ndi kalembera wa Mtukula Pakhomo ndi wa zipangizo zaulimi zotsika mtengo. M'midzi ina anthu amagawana thumba limodzi mabanja angapo, ndipo mabungwe ena amaona ngati kumeneko ndi kuphwanya malamulo, pamene kwenikweni anthuwo akuteteza ubale womwe udzawasunge thandizo likadzatha. Ku msonkhano wa ku Istanbul mu 2016, opereka thandizo analonjeza kuti gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama zothandizira pa ngozi lizipita kwa mabungwe a m'mayiko okhudzidwawo pofika 2020. Lonjezolo silinakwaniritsidwe, ndipo n'chifukwa chake mawu a anthu ngati inu samveka pamene malamulo a kagawidwe akukonzedwa.

Pa za udani womwe ulipowu, pemphani amfumu aitanitse msonkhano wa mudzi wonse, ndipo pamenepo mufotokoze chiwerengero chomwe munapatsidwa, amene anakupatsani, ndi mfundo zomwe munatsata posankha. Ngati pali dzina lomwe linalowa mokondera, livomerezedwe poyera, pakuti anthu amakhululuka msanga akauzidwa zoona. Mtsogolomu musavomerenso kulemba mayina muli m'nyumba ya munthu. Mfundo zosankhira zigwirizanidwe pabwalo mayina asanatchulidwe, mndandanda uwerengedwe mokweza ndi kukhomedwa pa sukulu kapena pa chipatala, pakhale anthu ena osakhala a komiti yanu olandira madandaulo, ndipo woimira bungwe kapena khonsolo aime yekha pamaso pa anthu kunena kuti thandizo lilipo ndi lochuluka bwanji ndiponso chifukwa chake silikwanira onse. Akakana kubwera, lembani kalata ku komiti ya chitukuko ya dera lanu kuti nkhaniyo ikafike ku khonsolo, ndipo musunge kope la kalatayo.